Piemonte kapena Toscana? Kasankhidwe kake masiku akakhala ochepa

Mwapeza kampata kopita ku Italy, mwina mumakhala ku UK kapena ku Ireland ndipo tiketi yandege yatsika mtengo, kapena munapita kumsonkhano ku Rome kaya ku Milan ndiye patsala masiku anayi kapena asanu musanabwerere, ndipo mtima wanu uli pa zakudya ndi vinyo. Mukafunsa anthu mayina amene angabwere msanga ndi a madera awiri, Piemonte kumpoto ndi Toscana chapakati pa dzikolo. Choyamba chimene ndingakuuzeni ndi chakuti musayese kupita konse kuwiri. Kuchoka ku Alba, tawuni ya ku Piemonte, kukafika ku Firenze (Florence), mzinda waukulu wa ku Toscana, pagalimoto ndi maola anayi kapena kuposerapo, ndiye mukawerengera kulongedza zikwama, kutuluka muhotela, kusochera pang'ono ndi kufunafuna poimika galimoto, tsiku lonse lapita, ndipo tsiku limodzi pa masiku anayi si nkhani yaing'ono ayi. Sankhani dera limodzi, mugone malo amodzi, mudye mosathamanga.

Ndiye musankha bwanji? Yambani ndi funso limene anthu ambiri amalidumpha: kodi chikukutengerani kumeneko ndi chakudya ndi vinyo basi, kapena mukufunanso kuona Italy amene mumamuona pazithunzi uja? Yankhani moona mtima chifukwa zonse zagona pamenepa.

Ku Toscana kuli Firenze, kuli Siena, kuli Pisa ndi nsanja yake yopendekeka ija, kuli Lucca, kuli San Gimignano, ndipo minda ya mphesa ili pakati pa mizinda imeneyi moti m'mawa mutha kukaona chiboliboli cha David chimene anasema Michelangelo, masana n'kukhala mutakhala pansi pa mtengo ku Greve in Chianti mukudya. Ngati ndi ulendo wanu woyamba ku Italy, kapena mukuyenda ndi munthu amene vinyo alibe naye ntchito kwenikweni, kaya amayi akunyumba, kaya bambo a ana, kaya mnzanu wosamwa, ine ndingati pitani ku Toscana musavutike n'kuganiza. Aliyense akapezako chake ndipo palibe amene akakhale chete mugalimoto chifukwa chotopa ndi kuyendera mosungira vinyo tsiku lonse.

Ku Piemonte, makamaka zitunda za Langhe kuzungulira tawuni ya Alba, nkhani ndi ina. Kumeneko anthu amapitira kudya ndi kumwa, basi. Midzi yake ndi ing'onoing'ono, La Morra, Barolo, Monforte d'Alba, Serralunga d'Alba, Castiglione Falletto, Neive, Barbaresco, ina mutha kuizungulira wapansi pa mphindi makumi awiri mwamaliza. Malowo ndi okongola kwambiri, UNESCO inawaika pamndandanda wake wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 2014, ndipo mukaima pamwamba pa La Morra tsiku lopanda nkhungu mumaona mizere ya mphesa ikutsika n'kukweranso zitunda mpaka kutali, kumbuyo kwake mapiri a Alps ali mbuu ndi chipale. Koma chimene chimadzaza tsiku lanu ndi tebulo. Nkhomaliro yokha imatha kutenga maola atatu ndipo palibe amene akukuthamangitsani. Kwa munthu amene zoona zake ulendowu ndi wa chakudya ndi vinyo, mtima wanga uli ku Piemonte ndipo sindibisa.

Chachiwiri, onani kumene ndege yanu ikutera. Izi zimaoneka zazing'ono koma pa ulendo waufupi zimagamula mlandu. Mukatera ku Milan, Piemonte ali pafupi, mukatera ku Torino ndiye muli kale mu Piemonte, kuchoka pa eyapoti ya Malpensa ya ku Milan kukafika ku Alba ndi maola awiri pagalimoto, ndipo kuchoka ku Torino kuli sitima yopita ku Alba ya ola limodzi ndi mphindi zingapo. Mukatera ku Rome, sitima yothamanga ija imakufikitsani ku Firenze pa ola limodzi ndi theka, ndipo mukatera ku Pisa ndiye mwafika kale mu Toscana. Amene mukuchokera ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa, Ethiopian imatera ku Rome komanso ku Milan, ndiye ganizirani dera musanagule tiketi osati pambuyo pake. Ndipo amene muli ndi pasipoti ya Malawi, visa ya Schengen ikufunika ngakhale mukukhala ku UK, yambani msanga kuikonza.

Chachitatu ndi mwezi, ndipo apa ndichedwapo pang'ono chifukwa mwezi ukhoza kutembenuza yankho lonse. Kuyambira mu Okutobala mpaka kumayambiriro a Disembala ku Alba kumakhala chionetsero cha tartufo woyera, mtundu wa bowa womera pansi pa nthaka m'mizu ya mitengo, amene alenje ake amamusaka ndi agalu ophunzitsidwa, nthawi zambiri usiku. Salimidwa m'munda, n'chifukwa chake ndi wodula koopsa. Mulesitilanti amabwera naye patebulo ndi kasikelo kakang'ono, amamuyeza muli kuona, n'kuyamba kumupala timagawo topyapyala pamwamba pa mbale yanu ya pasta kapena pa dzira lokazinga, fungo lake n'kukwera ndi nthunzi, akamaliza amayezanso chotsalacho ndipo inu mumalipira magalamu amene apita m'mbale mwanu. Funsani mtengo wa galamu asanayambe kupala, ndipo mukaona kuti zakwana nenani, si zamanyazi, eni akenso amatero. Nyengo yomweyi ndi imene amakolola mphesa za Nebbiolo, zimapsa mochedwa, masamba a m'minda akusanduka ofiira ndi achikasu. Ngati masiku anu agwera mu Okutobala kapena Novembala pitani ku Piemonte, koma bukitsani pogona miyezi ingapo nthawi isanakwane chifukwa Loweruka ndi Lamlungu malo amadzaza ndipo mitengo imakwera.

Toscana amakoma kwambiri mu Meyi, Juni ndi Seputembala. Mu Julaye ndi Ogasiti ku Firenze kumatentha kwambiri ndipo anthu amachita kuthithikana, mizere yolowera m'malo otchuka ndi yaitali, komanso kunena zoona vinyo wofiira wamphamvu ndi nyama yambiri sizitsika bwino dzuwa likuswa mtengo. Chapakati pa Ogasiti, nthawi ya holide ya Ferragosto pa 15, eni malesitilanti ang'onoang'ono ambiri amatseka n'kupita kunyanja, izi ndi madera onse awiri. Ngati mukufuna kuona mpikisano wa akavalo wa Palio ku Siena, umachitika pa 2 Julaye ndi pa 16 Ogasiti, koma dziwani kuti umenewo ukhala ulendo wa Palio osati wa vinyo. Mu Novembala ku Toscana kumakhala mafuta a maolivi atsopano, obiriwira, oyabwa pakhosi pang'ono, amangowathira pa buledi wowotcha wopaka adyo, ndipo ku San Miniato kumakhalanso tartufo woyera, ndiye amene mwasankha Toscana mwezi umenewo simunaluze zonse ayi. Januwale ndi Febuluwale malo ambiri akumidzi amakhala otseka konse kuwiri.

Tsopano pakamwa panu. Mumakonda kudya zotani?

Chakudya cha ku Piemonte ndi cha batala, mazira ndi nyama, ndipo chimabwera mbale zambiri zing'onozing'ono motsatana. Amayamba ndi vitello tonnato, nyama ya thole yodulidwa mopyapyala, yozizira, yothira msuzi wa nsomba ya tuna, zimamveka zachilendo koma lawani kaye musanaweruze. Pali carne cruda, nyama ya ng'ombe yaiwisi yodulidwa ndi mpeni, yothira mafuta a maolivi ndi mchere basi. Kenako tajarin, pasta wowonda kwambiri wachikasu chifukwa cha kuchuluka kwa mazira, ndi agnolotti del plin, timatumba ta pasta totsina ndi zala tokhala ndi nyama mkati. Nyengo yozizira kuli bagna cauda, msuzi wotentha wa adyo, nsomba za anchovy ndi mafuta umene mumaviikamo ndiwo zamasamba mutazungulira tebulo, ndi brasato al Barolo, nyama yophikidwa mu vinyo kwa maola ambiri mpaka kumangophwanyika ndi foloko, nthawi zina pambali pali polenta ya ufa wa chimanga. Pomaliza mtedza wa hazelnut uli paliponse, mu keke, mu chokoleti, paja kampani ya Ferrero yopanga Nutella kwawo ndi ku Alba komweko. Ndipo tawuni ya Bra, kumene Carlo Petrini anayambitsa gulu la Slow Food, loteteza zakudya zachikhalidwe, m'zaka za m'ma 1980, ili pafupi pomwepo, choncho anthu a kumeneko nkhani ya chakudya saitenga mwachibwana.

Cha ku Toscana ndi chakudya cha alimi, cha mafuta a maolivi, nyemba, buledi ndi moto wa makala. Buledi wawo alibe mchere, tsiku loyamba mudabwa koma mukamudya ndi salami ya finocchiona kapena tchizi cha pecorino cha ku Pienza mumvetsa chifukwa chake. Ribollita ndi supu wa nyemba, kabichi wakuda ndi buledi wogona, pappa al pomodoro ndi buledi wophikidwa mu tomato, pici ndi pasta wonenepa wopota ndi manja wa cha ku Siena, pappardelle al cinghiale ndi pasta wa msuzi wa nguluwe. Okonda zamkati, ku Firenze kuli lampredotto, chifu cha ng'ombe chowiritsa bwinobwino chimene amachiika mu bani n'kuthira msuzi wobiriwira, mumagula pa tingolo ta mumsewu n'kudya chiimire, ndi chotchipa komanso chokhutitsa. Ndiye pali mfumu yake, bistecca alla fiorentina, chinyama chokhuthala cha fupa pakati chimene amagulitsa pa kulemera kwake, kawirikawiri chimapitirira kilo imodzi ndiye ndi cha anthu awiri kapena atatu.

Apa ndichenjeze abale anga chifukwa ambiri a ife tinakulira nyama yopsa mpaka mkati. Fiorentina amaiotcha kunja kokha, mkati imakhala yofiira, ndipo malo ambiri mukapempha kuti aipsetse kwambiri sasangalala nazo, ena amakana kumene. Ngati nyama yofiira simungaithe musawononge ndalama zanu, itanitsani peposo, nyama yophikidwa nthawi yaitali ndi tsabola wakuda ndi vinyo. Ku Piemonte chimodzimodzi, carne cruda mutha kuidumpha n'kudikira brasato. Ndipo amene sadya nyama kwenikweni apeza zambiri ku Toscana kusiyana ndi ku Langhe.

Za vinyo. Barolo ndi Barbaresco onse amapangidwa ndi mphesa ya mtundu umodzi, Nebbiolo. Mu tambula amaoneka wofiira mopepuka moti mutha kuganiza kuti ndi wofatsa, koma mukamwa amaumitsa mkamwa ngati mwaluma nthochi yosapsa, makamaka akakhala wamng'ono, n'chifukwa chake malamulo amati Barolo asungidwe miyezi 38 asanagulitsidwe ndipo Barbaresco miyezi 26. Ndi vinyo wofuna chakudya komanso wofuna kuleza mtima, ndipo si aliyense amamukonda tsiku loyamba. Chimene chimasangalatsa ku Langhe n'chakuti midzi khumi ndi umodzi imene ili ndi chilolezo chopanga Barolo ili moyandikana kwambiri koma vinyo wake amasiyana, wa ku La Morra amakhala wofewa ndi wonunkhira, wa ku Serralunga wolimba, chifukwa dothi lake ndi losiyana, ndipo mutha kulawa kusiyana kumeneku masana amodzi mutayenda makilomita ochepa chabe. Pa chakudya cha tsiku ndi tsiku eni ake amamwa Barbera, Dolcetto ndi Langhe Nebbiolo, otsika mtengo koma abwino, ndipo okonda zotsekemera musachite manyazi, Moscato d'Asti kwawo ndi komweku, mowa wake ndi wochepa ndipo amayenda bwino ndi keke ya mtedza ija.

Ku Toscana mphesa yaikulu ndi Sangiovese. Chianti Classico, amene pabotolo pake pamakhala chizindikiro cha tambala wakuda, amachokera pakati pa Firenze ndi Siena, dera limene malire ake anayamba kulembedwa mu 1716 ndi Cosimo III wa banja la Medici. Ndi vinyo wosavuta kumukonda, wowawasa pang'ono mokoma, amagwirizana ndi tomato ndi nyama yootcha. Kum'mwera kwa Siena kuli Montalcino kumene kumachokera Brunello, Sangiovese yekhayekha wosasakaniza, amene satuluka pamsika mpaka chaka chachisanu chikololereni, ndipo mng'ono wake Rosso di Montalcino ndi amene thumba la ambiri a ife lingakwanitse. Pafupi pake pali Montepulciano ndi Vino Nobile wake. Samalani pogula, Montepulciano d'Abruzzo ndi vinyo wina wa dera lina. Ngati ndinu oyamba kumene pa za vinyo, Toscana akulandirani mofatsa. Ngati mwamwapo kale mitundu ingapo ndipo mukufuna kumvetsa chifukwa chimene chitunda ichi chikusiyana ndi icho, Langhe ndi sukulu yabwino kuposa.

Nkhani ya mayendedwe ndi imene imagwetsa anthu ambiri. Toscana ndi wamkulu, anthu amamuona pamapu n'kulemba kuti lero Chianti, mawa Montalcino, mkuja Bolgheri kunyanja, kenako Lucca, mapeto ake amathera mugalimoto m'misewu yokhotakhota. Mukasankha Toscana sankhaninso mbali imodzi mkati mwake, Chianti ndi Firenze, kapena Siena ndi Val d'Orcia kumene kuli Montalcino, Pienza ndi Montepulciano. Langhe ndi wothinana, mukagona ku Alba kapena ku La Morra pafupifupi paliponse mukufuna ndi mphindi makumi awiri kapena theka la ola, ndipo pa ulendo waufupi umenewu ndi mwayi waukulu kwambiri. Koma popanda galimoto Langhe amavuta, mabasi opita m'midzi ndi ochepa ndipo Lamlungu ndiye osanena. Ku Toscana wopanda galimoto atha kugona ku Firenze kapena ku Siena, pakati pa mizinda iwiriyi pali basi, ndipo makampani otenga anthu pa minibasi kukazungulira minda ya mphesa tsiku limodzi alipo ambiri. Ndiye ngati simuyendetsa, sikelo yapendekera ku Toscana.

Amene mukabwereke galimoto kumbukirani kuti ku Italy amayendera kumanja osati kumanzere ngati kwathu ndi ku UK, magalimoto ambiri ndi a magiya ndiye ngati mukufuna otomatiki nenani pobukitsa, ndipo tengani layisensi ya intaneshonolo pamodzi ndi yanu. Mukaona chikwangwani cholemba kuti ZTL, chozungulira chofiira m'mbali, musalowe, ndi malo a eni mzinda okha, kamera imajambula nambala ndipo chindapusa chimakupezani kunyumba patapita miyezi. Firenze, Siena ndi Pisa ndi otchuka nazo zimenezi. Imikani kunja kwa mzinda mulowe wapansi. Komanso malire a mowa kwa woyendetsa ndi magalamu 0.5 pa lita imodzi ya magazi ndipo kwa amene layisensi yake sinakwane zaka zitatu ndi ziro. Polawa vinyo pamakhala kachidebe kolavuliramo, kagwiritseni ntchito, akatswiri onse amatero, apo ayi gwirizanani kuti lero woyendetsa ndi uyu ndipo samwa, kapena lipirani dalaivala wa tsiku limodzi. Misewu ya m'zitunda zija ndi yopapatiza ndipo nkhungu ya mu Novembala ku Langhe imatsika mwadzidzidzi.

Kukaona opanga vinyo musangotulukira pageti. Ku Langhe ambiri ndi mabanja, munthu amene akukuthirirani vinyo mwina ndi yemweyo amene anali pa thirakitala m'mawa, ndiye lembani imelo milungu ingapo nthawi isanafike, ndipo mukalonjeza ola fikani pa ola lomwelo. Malo awiri pa tsiku akwana, amodzi m'mawa ena madzulo, pakati pake nkhomaliro. Ngati simunabukitse musadandaule, m'mudzi wa Barbaresco muli enoteca, malo olawira ndi kugulira vinyo, ya dera lonse imene ili mu tchalitchi chakale, ina ili mu nyumba yachifumu ya Grinzane Cavour, mumalawa mavinyo a opanga osiyanasiyana pamalo amodzi. Ku Toscana kuli minda ikuluikulu imene inazolowera alendo, monga Castello di Brolio ya banja la Ricasoli ndi Antinori, amakhala ndi maola oikika ndiponso okuyendetsani olankhula Chingerezi, ndipo ku Montalcino mu linga lakale la mtawunimo muli malo olawira Brunello pa tambula. Ndi zosavuta, kungoti nthawi zina mumakhala gulu lalikulu ndipo mwini munda simumuona.

Pa ndalama, madera onsewa si otchipa, koma ndalama zimathera mosiyana. Ku Toscana zimapita pa pogona, makamaka ku Firenze, ndi pa matiketi olowera m'malo. Ku Piemonte zimapita patebulo, pa tartufo ndi mabotolo a Barolo. Njira yopulumutsira thumba ndi imodzimodzi konse: gonani pa agriturismo, nyumba ya alendo ya pafamu, idyani chakudya chachikulu masana mu trattoria kapena osteria, timalesitilanti wamba, madzulo mugule buledi, tchizi ndi salami mudyere pakhonde. Pa bilu mupeza mawu akuti coperto, ndi ndalama ya malo patebulo ndi buledi, si kuba ayi, amatero kulikonse. Khitchini imatseka cha m'ma hafu pasiti thu ndipo satsegulanso mpaka cha m'ma hafu pasiti seveni madzulo, komanso malesitilanti ambiri akumidzi ali ndi tsiku limodzi pa sabata limene sagwira ntchito, ndiye imbani foni kaye musanakwere chitunda ndi njala.

Masiku anayi ku Piemonte ine ndingawagawe motere, tsiku lofika mugone ku Alba, muyende mtawuni madzulo n'kudya tajarin, lachiwiri midzi ya Barolo kuyambira ku La Morra, lachitatu Barbaresco ndi Neive, lomaliza ku Torino musanakwere ndege, mukamwe bicerin, khofi wosanjikiza ndi chokoleti ndi kirimu mu katambula, ndipo madzulo vermouth, vinyo wothira zonunkhira, amene anabadwira mumzinda womwewo. Ku Toscana, tsiku limodzi lathunthu Firenze wapansi, kenako mutenge galimoto mutsike ndi msewu wa Chiantigiana kudzera ku Greve, Panzano ndi Castellina mpaka ku Siena, mugone masiku awiri cha kumeneko, limodzi mwa masikuwo mulipereke ku Montalcino ndi Pienza. Mabotolo amene mwagula akulungeni m'zovala muike m'chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege chifukwa m'chikwama cha m'manja atha kukakulandani pa sekyulite, ndipo fufuziranitu kuchuluka kwa vinyo amene dziko limene mukubwererako limalola kulowa naye osalipira msonkho.